Thandizeni a gulu, Land Rover ya amalume ikungoti kli kli

Wofunsa: A admin mundibise dzina chonde, alamu anga ali mugulu muno. Amalume anamwalira chaka chatha nkundisiyira Land Rover ija ya asilikali, Series 3 yaitali ya 109, anaigula pa okushoni ine ndili mwana. Yakhala pansi pa mango ku Mchini zaka 11 osayenda. Pogawa katundu aliyense anaikana ati chitsulo chakutha, koma nditangoikoka ndi thirakitala kubwera nayo ku Navutika basi alamu ayamba zoti matayala awiri ndi awo anangobwereka amalume, matayala ong'aluka ngati zidendene! Akazi anga nawo sakundilankhula chifukwa ndalama ya feteleza ndinagulira batire yatsopano, ndiponso nkhuku zawo zinayamba kuikira kumbuyoko ndinazipirikitsa. Kamnyamata kena ka makaniko kanadya K600 yanga, kanatenga kabuleta milungu itatu nkuibweza fumbi lili lomwelo. Manje ndikapotoza kiyi imangoti kli kli, pena sitata imazungulira mwaulesi nkusiya. Ndikufuna iyende pofika Nc'wala ndikatengere abale ku Mtenguleni. Ndiyambire pati?

Mdala Sipanala: CHOTSANI INJINI IMENEYO. Ine ndagwira ma Land Rover kuyambira nthawi ya a Kaunda, chinthu chimenecho chimamwa petulo ngati chidakwa cha ku Kapata. Ikanimo injini ya dizilo ya Toyota nkhani yatha.

Amake Twins: Achimwene, feteleza kugulira batire mvula ili pafupi? Mudzadya Land Rover? Amuna anga anabweretsa chi Bedford ati miyezi itatu chiyenda, ana abadwa mpaka ali giredi 4, chili pompo timayanikapo mfutso.

Mwana wa ku Katete: Simunanene, ndi ya 12 kapena 24 volts? Za asilikali zonyamula wailesi zinali za 24, zimafuna mabatire awiri olumikizana. Onani mawaya a mapulagi, ngati ndi onenepa omanga ndi sipanala ndiye imeneyo.

Mdala Sipanala: Iwe mwana za mavolts zabwera bwanji apa, munthu akufuna galimoto yoyenda. Injini ya malita 2.25 ija mtunda wa ku Luangwa imakwera ngati ng'ombe yokalamba, ine inandiwirira pa Kacholola usiku ndinagona m'thengo ndi udzudzu.

Landy Mpaka Kale: Mdala musamanamize anthu, inawira chifukwa simunatsuke radiyeta. Injini ya 2286cc ndi yosavuta, mumakonza pansi pa mtengo ndi sipanala zochepa chabe. Series 3 anapanga kuyambira 1971 mpaka 1985 ndipo zambiri zikuyendabe. Mukaikamo injini yamphamvu giyabokosi ndi ma half shaft, zitsulo zozunguza mawilo zija, sizichedwa kuthyoka.

Mdala Sipanala: Zikuyenda kuti? Pa Facebook? Ndiuzeni imodzi yomwe mwaiona ikupita ku Lundazi sabata ino.

Landy Mpaka Kale: Yanga inapita ku Mfuwe nkubwerako.

Mdala Sipanala: Pamwamba pa lole kapena?

Jokala wa Magazine: Bwezani nkhuku muja bwana, zinali zikulipira lendi ya mazira kkkk

Agogo Dalaiva: Mwanawe, galimoto yagona zaka 11 usaikakamize ndi kiyi. Chotsa mapulagi, thira timafuta pang'ono m'mabowomo, igone usiku, mawa upukuse ndi handulo kutsogoloko uone ngati injini ikutembenuka. Petulo wakale mu thanki utaye. Ndipo isanatuluke pageti mabuleki, timalabala ta m'kati tija timakhala titauma.

Amake Twins: Agogo musamulimbikitse, mkazi wa mwini akulira uko.

Mlembi Wopuma: Nonse mukukamba za injini, white book, buku la umwini wa galimoto, ili m'dzina la ndani? Ngati ikadali ya malemu a RTSA, bungwe lolembetsa magalimoto, adzafuna mapepala a chuma cha masiye musanasinthe dzina, ndipo alamu anuwo akayamba ndi matayala mawa adzati yonse. Ine mlandu wa ngolo ya bambo anga unanditengera zaka ziwiri, ng'ombe mpaka zinafa.

Landy Mpaka Kale: Mugwadenso pansi mugogode chesesi ndi hamala makamaka kumbuyo. Bodi ndi ya aluminiyamu siichita dzimbiri, imakunamizani kuti galimoto ili bwino pomwe pansi padyeka.

Mdala Sipanala: Mwamva? Landy yemwe wavomera kuti yadyeka. TOYOTA BASI. Ndili nayo injini imodzi kunyumba, inbox.

Mwana wa ku Katete: Ohoo ndiye nkhani yake inali imeneyi. A wofunsa, 12 kapena 24? Kachiwiri aka ndikufunsa.

Wofunsa: Zikomo nonse. Amake Twins, feteleza ndidzagula ndikagulitsa soya musadandaule, ndipo a Jokala nkhuku zija si zanu. Za white book alamu akuti anaiona koma sakunena kuti ili kuti. Batire ndi yatsopano ndithu siingakhale vuto, ndinaiika m'bokosi lake pakati pa mipando, pambali panatsala malo ena ofanana ndi mawaya olendewera ndiye ndimasungapo sipanala. Mdala injini yanuyo ndi zingati?