Zowonjezera pa funso la nyimbo zosemphana ng'oma

Achimwene a ku Luchenza anafunsa chifukwa chake nyimbo ziwiri zimasemphana ng'oma akamazisakaniza ngati DJ, ngakhale BPM (nambala ya ma beat, kugunda kwa nyimbo, pa miniti imodzi) ikufanana. Tinati ayambire pa amapiano. Tsopano akuti apo zikuyenda, koma nyimbo zakale za bandi zikukanikabe.

Achimwene, vuto si dzanja lanu. Munthu akamaimba ng'oma amafulumira kenako n'kubwerera, ndiye nambala ya BPM ija n'njongoyerekeza, sync (batani lofananitsa liwiro la nyimbo ziwiri) singakuthandizeni. Valani hedifoni khutu limodzi, werengani ma beat 32 a nyimbo yoyamba, nyimbo yachiwiri muilowetse pa beat yoyamba yotsatira. Ikathamanga ibwezeni pang'ono ndi jog wheel (gudumu la pa makina a DJ), pitch (chosinthira liwiro la nyimbo) musaisunthesunthe. Bass yake ikhale pansi mpaka mutatsitsa ya nyimbo yoyamba, apo ayi masipika amangobangula. Nyimbo zoterezi musazisakanize kupitirira ma beat 16.