Mafilimu a zochitika zenizeni onena za ana omwe kholo lawo lasintha kukhala mkazi kapena mwamuna

Tadala: Ndikupempha kuti mundilozere mafilimu a zochitika zenizeni, osati masewero, omwe amaonetsa mmene banja limakhalira bambo akayamba kukhala moyo wawo ngati mkazi, kapena mayi ngati mwamuna. Omwe ndaonera amalondola kholo lokha, pomwe ana amangooneka kamodzi akulira, kenaka osamvekanso. Amene akundikhudza ine ndi mwana yemwe wakhala akunena kuti "bambo" chibadwire, ndipo lero sakudziwa kuti awaitane motani.

Mayi Nyirenda: A Tadala, yambani ndi From This Day Forward ya mu 2015. Anaijambula Sharon Shattuck, ndipo kholo lomwe nkhaniyo ikukamba ndi bambo ake omubereka, omwe tsopano amatchedwa Trisha ndipo pa nthawi yojambula filimuyi ankakhala ku Michigan, m'dziko la America. Sharon anatenga kamera pamene ankakonzekera ukwati wake, nabwerera kwa makolo ake kukafunsa zomwe ankaopa kufunsa ali wachichepere. Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi mayi ake, a Marcia, omwe sanathetse banja ngakhale kuti sabisa kuti zinawapweteka. Nkhani ya chovala chomwe Trisha adzavale pa ukwatiwo imaoneka yaing'ono, komatu m'menemo ndi momwe muli manyazi onse omwe mwanayo anakula nawo.

Chifundo: Ndikuvomereza, koma tisaiwale kuti Sharon analankhula ali wamkulu, patadutsa zaka zambiri mabala atayamba kupola. Mwana wazaka 9 yemwe akujambulidwa zinthu zili mkati sangathe kukana makolo ake atavomera kale, ndipo filimuyo idzakhala pa intaneti mpaka iye adzakule. Mwina n'chifukwa chake ojambula osamala safuna kuika ana aang'ono patsogolo.

Mayi Nyirenda: Mfundo imeneyo ndi yoona. Palinso Seahorse ya mu 2019, yojambulidwa ndi Jeanie Finlay, yomwe imatsatira Freddy McConnell wa ku Britain, yemwe anabereka mwana atasintha kale kukhala mwamuna. Iyi ndi yosiyana chifukwa mwanayo sanamudziwepo mwanjira ina, koma funso la dzina likadalipo: mu 2020 khoti la apilo linagamula kuti pa chikalata cha kubadwa kwa mwanayo Freddy alembedwe kuti ndi mayi.

Tadala: Zikomo nonse. Ndiyamba ndi ya Sharon, chifukwa ndikufuna kumva mawu omwe iye amagwiritsa ntchito poitana Trisha akakhala awiriwiri.