Massey Ferguson 135: buleki ya kumanzere yasiya kugwira, kutayala kukuoneka oyilo

Wa pa puloti ku Walkerville, South Africa: Akuluakulu a pa gulu pano, ndithandizeniko nzeru. Thalakitala ndi Massey Ferguson 135 ya dizilo, yamabuleki a dramu, imadula udzu ndi kukoka thanki ya madzi. Ndikaponda mapedulo onse awiri tayala la kumanja limagwira mpaka kukhukhuluza pansi, la kumanzere limangogudubuzika, ndiye mutu wa thalakitala umathawira kumanja. Pedulo ya kumanzere imatsika kwambiri. Mkati mwa limu ya kumanzereyo muli oyilo wakuda wosakanikirana ndi fumbi, wachita mizeremizere. Ndigule ma shoe (zitsulo zokhota zimene zimapana dramu mkati) atsopano kapena kungomanga adjuster (kagudumu ka mano kochunira ma shoe) kukwana? Ndipo dramu imachoka bwanji?

Makaniko wa ku Booysens: Achimwene, mizere ya oyilo mwanenayo ndiye nkhani yonse. Mabuleki a 135 alibe fluid, amayenda ndi ndodo zachitsulo kuchokera ku pedulo, choncho oyilo amene mukumuonayo akuchokera mu difu. Giyabokosi, difu ndi hydraulic zimamwera oyilo mmodzi, pafupifupi malita 30, ndipo chomutchinga kuti asafike ku buleki ndi ma seal (timphete ta raba) a pa half shaft, shafiti yochokera mu difu kupita ku tayala. Seal ikatha oyilo amayenda ndi shafiti, kulowa mu dramu, ma lining (zomatidwa pa ma shoe zimene zimakhula dramu) n'kumumwa. Mukaika ma shoe atsopano seal ili yomweyo, pomafika mwezi wa mawa anyowanso.

Musanamasule nati iliyonse, yang'anani dipstick ya oyiloyo, ili pa chivundikiro chozungulira cha mbali ya kumanja, pansi pa mpando. Oyilo akadutsa mzere wa pamwamba amakhala akuyandama mu axle nthawi zonse, ndipo ngakhale seal yabwino imagonja. Akamaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Zimachitika kwambiri ku thalakitala zogona panja ndi mvula ya kuno yoyamba mu Okutobala: madzi amatsikira pa ma lever a magiya raba yake ikang'ambika, ndiye levulo imakwera yokha popanda wothira.

Kuchotsa dramu: ikani giya, tsekerani matayala akutsogolo ndi miyala kapena matabwa, masulani pang'ono manati a tayala lisananyamuke, kenaka jeke. Pansi pa axle ikani stand kapena mitengo yolimba yopingasa, njerwa ayi, zimaphwanyika mosachenjeza. Tayala likachoka muona masikuluwu awiri amutu wolowa mkati amene agwira dramu. Amakhala atadyana ndi dzimbiri, sikuludiraiva wamba amangowononga mutu wake. Pezani ija yomenya ndi hamala. Bwezani kaye adjuster kudzera pa kabowo ka pa backplate (mbale ya kuseri kwa dramu) kuti ma shoe afupike, chifukwa dramu yakale imakhala ndi kamlomo m'mphepete kamene kamakola ma shoe. Menyani m'mbali ndi hamala mutatsamiza thabwa, ituluka.

Mayi wa ku De Deur: Ndiwonjezepo ziwiri pa zimene anena bambowa. Gwedezani tayala lakumbuyolo mumve ngati muli madzi. Ambiri kuno amathira madzi m'matayala kuti thalakitala izigwira pansi, ndipo tayala la 12.4-28 limamwa malita opitirira 100. Likapendekeka munthu mmodzi simungalibweze, mukhale awiri, kapena tulutsani madziwo kaye valavu ili pansi.

Chachiwiri fumbi la mu dramu. Ma lining akalekale ambiri ndi a asbestos. Kuno ku South Africa analetsa asbestos mu 2008, koma thalakitala imene inatuluka m'fakitale pakati pa 1964 ndi 1975 ikhoza kukhala ikadali ndi akewo. Musapemerere ndi kompulesa kapena pakamwa. Nyowetsani ndi brake cleaner kapena madzi a sopo, pukutani ndi sanza, sanzayo muike m'pulasitiki n'kumanga.

Dalaivala wa ku Eikenhof: Ma shoe osataya msanga bwana. Aviikeni mu petulo usiku wonse, mawa muwawambe pang'ono ndi moto oyilo atuluke, mupale ndi sandipepa. Amagwira.

Makaniko wa ku Booysens: Amagwira sabata imodzi, akulu. Lining ili ngati siponji yolimba, moto umatulutsa oyilo wa pamwamba yekha. Buleki ikatentha pa mtsetse wotsala mkati uja amakwera, n'kuterera pomwe mukuifuna kwambiri, kumbuyo kuli thanki yodzaza. Komanso moto umafooketsa guluu wa ma lining omata, akhoza kusupuka n'kukola tayala. Ma shoe a 135 savuta kupeza, ndi ofanana kukula ndi a MF 35, dramu ya mainchesi 14, m'lifupi mainchesi 2. Ngati ndalama yavuta, tengani zitsulo zakezo ku mashopu a brake and clutch, ku Booysens ndi ku Germiston aliko, akamatemo lining yatsopano. Koma musinthe mbali zonse ziwiri. Kumanzere kwatsopano kumanja kwakale, thalakitala idzangosintha kothawira.

Mkulu wa zamathalakitala ku Meyerton: Za seal ndifotokoze bwino chifukwa apa ndi pamene anthu amaononga ndalama. Ma seal alipo awiri mbali iliyonse. Ya mkati imakhala kukamwa kwa axle housing, ndiyo imatchinga oyilo wa mu difu. Ya kunja ili mu hub, kuseri kwa bering'i, imatchinga girisi wa bering'iyo.

Ya mkati ndi yosavuta. Tsitsani oyilo, chotsani ma shoe ndi masipuling'i ake (jambulani ndi foni musanachotse, mudzandithokoza pobwezera), masulani ndodo ya buleki, kenaka manati ozungulira amene agwira hub ku housing. Half shaft imasololoka yonse pamodzi ndi backplate. Ndi yolemera, igwireni mowongoka. Seal yakale itulutseni ndi sikuludiraiva wamkulu, yatsopano pakani oyilo pa mlomo wake, mlomowo uyang'ane ku difu komwe kuli oyilo, muilowetse mofanana mbali zonse pomenya ndi thabwa kapena paipi yofanana kukula. Gwirani ndi chala pa shafiti pamene seal imakhudza. Pakakhala kangalande koti chikhadabo chikukola, seal yatsopano sigwira, pamafunika ka sleeve kovekapo. Pobwezera shafiti musaikhulitse ma spline ake (mano a kunsonga kwake) pa seal, amadula mlomo uja musanalize n'komwe injini.

Ya kunja ndiye ntchito. Pa 135 zambiri bering'i imagwidwa ndi kolala yachitsulo imene anaiveka ili yotentha, ikazizira n'kukanirira. Simasulidwa. Mumaiboola ndi drill osafika pa shafiti, kuing'amba ndi tchizulo, bering'i n'kuitulutsa pa press. Kolala yatsopano amaitenthetsa mpaka kufiira pang'ono, kuiponya pa shafiti ili chilili n'kuikhomerera ndi paipi ikhale pa bering'i. Kolala yakale sibwereranso, ndipo yosakhala bwino imalola shafiti kusololoka ndi tayala lake mukuyenda. Ngati bering'i sikulira ndipo siikugwedera, sinthani ya mkati yokha, tsukani bering'iyo, ikani girisi watsopano. Ngati ikufunika, nyamulani shafiti yonseyo mupite nayo kwa amene ali ndi press.

Ndiye ma shim. Pakati pa housing ndi backplate mupeza timbale topyapyala tachitsulo. Tiwerengeni, tibwerere momwe tinalili. Ma half shaft awiriwa nsonga zawo zimayang'anizana pakati pa difu, ndipo timbale timeneti ndi timene timasiya kampata pakati pawo, kuyambira 0.05 mpaka 0.2 mm. Kukachepa nsongazo zimakhulana n'kutentha, kukachuluka shafiti imasewera n'kudya seal yatsopano ija. Kuyesa kwake popanda geji: nyamulani matayala onse awiri, giya ili mkati injini yozima, zunguzani limodzi ndi manja. Linalo lizungulire chobwerera. Likamakana kapena kufuna kutsatira mbali yomweyo, nsonga zagundana, onjezani shim imodzi.

Wa pa puloti ku Walkerville: Zikomo kwambiri akuluakulu, dipstick ndayang'ana, oyilo wadutsa mzere ndipo ndi woyererako. Nanga ndikamanga zonse, kuchuna kwake kuti mbali ziwiri zigwire pamodzi ndi kotani? Ndiyambire ku ndodo za mapedulo?

Makaniko wa ku Booysens: Oyilo ameneyo atuluke yense, mapulagi otsitsira alipo awiri pansi, wa giyabokosi ndi wa kumbuyo. Raba za pa ma lever musinthenso.

Ndodo musayambe nazo. Anthu amafupikitsa ndodo pofuna kukweza pedulo, cam (kachitsulo kokankha ma shoe) n'kukhala itapotoka kale buleki isanapondedwe, mphamvu yake n'kuthera pomwepo. Yambani ndi adjuster. Dramu itsukeni ndi brake cleaner mpaka sanza yoyera izituluka yoyera, palani kung'anima kwa mkati ndi sandipepa. Ikakhala ndi mikwingwirima yozama ipite ku lathe. Mangani dramu ndi tayala, likadali m'mwamba, lowetsani sikuludiraiva pa kabowo kaja, zunguzani kagudumu ka mano mpaka tayala likane kuyenda. Pondani pedulo mwamphamvu kawiri katatu kuti ma shoe akhale pakati, mangani kachiwiri, kenaka bwezani dzino limodzilimodzi mpaka tayala lizungulire ma shoe akungonong'ona pang'ono. Mano amene mwabweza kumanzere, omwewonso kumanja. Mukatero m'pamene muone mapedulo: onse atsike mofanana, pafupifupi 25 mm asanayambe kulimba. Ndodo muzikhudza pongolinganiza kusiyana kotsalako.

Mayi wa ku De Deur: Muonenso shafiti yodutsa pansi imene imatengera pedulo ya kumanzere ku mbali inayo. Imauma m'mabushi ake, pedulo osabwerera bwino, buleki n'kumakhula mukuyenda. Thirani oyilo wosungunula dzimbiri, igwedezeni mpaka izibwerera yokha ndi sipuling'i. Pa cam girisi wa kunsonga ya chala basi, wochuluka amakathera pa lining.

Mkulu wa zamathalakitala ku Meyerton: Poyesa chotsani thanki, pezani msewu wafumbi wosatsetsereka, kolowekani kachitsulo kolumikiza mapedulo awiri, giya yotsika, pondani kamodzi mwamphamvu. Tsikani mukaone pansi: mizere iwiri ya matayala iyambire malo amodzi. Mbali imene mzere wachedwa, onjezani dzino limodzi pa adjuster. Ma lining atsopano amakhazikika pakatha masiku angapo a ntchito ndipo pedulo imatsikanso, ndiye mudzachunenso kachiwiri musanakoke thanki yodzaza.