Za funso langa lija lopita ndi mwana kumpira wa Silver ndi Civo

Masabata awiri apitawo ndinafunsa ngati n'kwanzeru kutenga mwana wanga wazaka 10 kukaonera mpira pamene Silver Strikers, timu ya Reserve Bank of Malawi, ikukumana ndi Civil Service United, imene ambirife timaitchulabe kuti Civo. Tinapitadi ku Silver Stadium ku Area 47 mumzinda wa Lilongwe, ndipo ndikuthokoza nonse amene munandilangiza kuti tilawirire, chifukwa pamene masewero amayamba pachipata panali chipiringu choti mwana sakanatha kudutsa.

Tinakhala mbali yofoleredwa, kutali ndi anyamata a ng'oma ndi mavuvuzela. Mikangano inalipo ndithu, koma yapakamwa chabe. Bambo wina wovala jezi ya Silver yobiriwira ngati mtambo, amene anakhala pafupi nafe, anadzudzula woyimbira mphindi zonse 90, kwinaku akugawana mtedza wokazinga ndi mlamu wake wa Civo amene ankamutsutsa pa chilichonse. Kunena zoona, mwanayo anaonera kwambiri bamboyo kuposa mpirawo.

Chimene ndinalakwitsa ndi kudikira wenzulo yomaliza. Maminibasi olowera kutauni anadzaza msanga, moti tinafika kunyumba kutada, titakwera kabaza pamtengo wowirikiza.