Atsogoleri awiri mu timu imodzi: bwanji zinatheka pa Granon koma zinavuta pa Angliru?

Sipoko32:
Akuluakulu, ndithandizeni apa. Anthu ake ndi omwewo, timu yake ya mpikisano wa njinga ndi yomweyo, imene panthawiyo inkatchedwa Jumbo-Visma. Mu Tour de France ya 2022, Vingegaard ndi Roglič anagwirizana mpaka kumufoola mdani wawo Pogačar pa phiri la Col du Granon, aliyense n'kumati nzeru ndiye zimenezi. Chaka chotsatira ku Vuelta, mpikisano waukulu wa ku Spain, awiri omwewo anamusiya mnzawo Sepp Kuss pa phiri la Angliru atavala jezi yofiira ya wotsogola mpikisanowo, anthu n'kuwadzudzula. Ndiye kukhala ndi atsogoleri angapo ndi mwayi kapena ndi tsoka? Funso lachiwiri: Pogačar ankalondoleranji Roglič pa phiri la Galibier tsiku la Granon lomwelo, munthu amene anali kumbuyo ndi mphindi pafupifupi zitatu?

Kapalasa:
A Sipoko, tiyambe ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa yankho la loyamba lili momwemo.

Nkhani yonse yagona pa mphepo. Pa liwiro la makilomita 40 pa ola, amene wabisala kumbuyo kwa tayala la mnzake amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Msewu ukayamba kukwera kwambiri liwiro limatsika, phindu lobisalalo n'kuchepa. Choncho ngati muli awiri ndipo mdani ali yekha, malo omuzunzira si pachitunda choimirira ayi, koma pamene msewu ukukwera pang'onopang'ono ndipo liwiro likadali lalikulu.

Taonani mmene tsiku lija, pa 13 Julaye, linayalidwira. Gawo la 11, makilomita pafupifupi 152 kuchoka ku Albertville, mapiri akuluakulu atatu: Télégraphe, Galibier, kenako Granon. Jumbo inatumiziratu Christophe Laporte ndi Wout van Aert m'gulu la othawa, amene amachoka m'chigulu n'kutsogola. Sanapite kukafuna kupambana gawolo, anapita kukadikira patsogolo. Atatsika Télégraphe kulowa ku Valloire, Laporte anali atadikira kale, anakoka mwamphamvu, ndipo anzake a Pogačar anatsalira. Munsi mwa Galibier, pamene msewu sunayambe kuimirira, m'pamene kusinthana kunayambira: Roglič afwamphuke, Pogačar atseke mpata, angofika, Vingegaard afwamphuke, Pogačar atsekenso. Nthawi iliyonse amene sanathawe ankangokhala kumbuyo kwa Pogačar, kukokedwa ulere. Awiriwo aliyense ankagwira theka la ntchito, iye ankagwira yonse.

Bwanji osamuleka Roglič apite? Pa masamu okha, akanatha kutero. Roglič anali atagwa pa gawo la 5, la misewu yoyalidwa miyala, phewa linaguluka, ndipo sanali bwino. Geraint Thomas wa timu ina anali m'kagulu komweko koma sanadzivute, anangokhala chete. Vuto n'lakuti kutsogolo kunali Van Aert. Roglič akanapeza masekondi 40 pamwamba pa Galibier, akanakumana ndi Van Aert potsetsereka, ndipo mphindi zitatu zija zikanayamba kusungunuka. Musaiwalenso kuti Roglič ameneyu anali atapambana Vuelta katatu motsatizana. Munthu wotere sumupatsa mpata pa mawu ongomva akuti akudwala.

Koma khalidwe la Pogačar nalo linathandizira. Mnyamata uyu sadziwa kuonerera wina akupita. Chakumtunda kwa Galibier, m'malo mopuma, iye mwini anawonjezera moto mpaka kumusiya Roglič. Zinaoneka zokongola, koma ngongole yake anakailipira pa Granon, chitunda cha makilomita 11.3 chokwera pafupifupi 9 peresenti. Vingegaard anathawa kutatsala makilomita pafupifupi asanu, ndipo Pogačar anafika mochedwa ndi mphindi 2 ndi masekondi 51.

Mai Giya:
Ndikugwirizana ndi a Kapalasa, koma khalidwe lisatenge mbali yaikulu choncho. Pali zinthu ziwiri zapansipansi zimene kanema saonetsa bwino.

Choyamba ndi chiwerengero cha anthu. Kuyambira 2018 timu imalowa Tour ndi okwera asanu ndi atatu. UAE, timu ya Pogačar, inafika pa gawo limenelo itataya kale Vegard Stake Laengen ndi George Bennett chifukwa cha Covid. Bennett anali wa m'mapiri. Mtsogoleri amene ali ndi anzake awiri pambali sathamangitsa yekha munthu wothawa. Amaika mnzake patsogolo, akoke pa liwiro limodzi losasinthasintha, mpata uzitsekeka pang'onopang'ono. Kufwamphuka ndi kuima, kufwamphuka ndi kuima, n'kumene kumadya miyendo. Rafał Majka, mnzake wa Pogačar, anabwereradi n'kumukokera munsi mwa Granon, koma apo madzi anali atafika kale m'khosi.

Chachiwiri ndi chakudya. Pa gawo lotere wokwera amafunika magalamu 90 kapena kuposa a shuga ndi sitalichi pa ola, kudzera m'mabotolo a theka la lita, ma gel ndi timakeke ta mpunga. Munthu amene maso ake ali pa adani awiri sapeza mpata wopisa m'thumba, ndipo alibe womutumira ku galimoto. Ntchito yaikulu ya domestique, wokwera wotumikira mtsogoleri, ndi imeneyo: kubwerera kumbuyo, kulonga mabotolo m'jezi, kudzagawa. Ukaphonya kudya kwa mphindi 40 sumva kanthu nthawi yomweyo. Njala yake imadzakupeza patatha ola, pamene kulandira chakudya kuchoka m'galimoto kwatsekedwa, kawirikawiri makilomita 20 omaliza. Froome zinamuonekera pa Alpe d'Huez mu 2013: Richie Porte anakamutengera gel nthawi yoletsedwa, ndipo oweruza anamulanga Froome ndi masekondi 20. Anaona kuti bola chilangocho kusiyana ndi kukomoka pachitunda.

Ndiye kusinthana kwa pa Galibier kunali ndi zolinga ziwiri, kutopetsa miyendo ndi kusokoneza kadyedwe.

Sipoko32:
Zikomo, apo ndamva. Nanga za Angliru?

Tcheni_Yolimba:
Achimwene, kusiyana kwake n'kumodzi: pa Granon mdani anali kunja, ndipo mmodzi mwa atsogoleri awiriwo anali atavomera kale kupsa. Roglič ankadziwa kuti Tour imeneyo si yake. Ankagwiritsa ntchito dzina lake ngati nyambo basi, ndipo patangopita masiku ochepa anasiya mpikisano chifukwa cha kuvulala kuja. Kunena zoona mtsogoleri anali mmodzi, winayo anali chophimba m'maso.

Ku Vuelta ya 2023 kunalibe wovomera kupsa. Roglič anabwera atapambana Giro, mpikisano waukulu wa ku Italy, Vingegaard atapambana Tour, ndipo Kuss, amene anawatumikira onse awiri m'mipikisano imeneyo, anabwera ngati wantchito. N'chifukwa chake pa gawo la 6 matimu ena anamulola kulowa m'gulu lalikulu la othawa. Anapambana pa Javalambre, n'kupeza mphindi pafupifupi zitatu pa akuluakulu, ndipo pa gawo la 8 anavala yofiira. Poyamba izi zinali zokomera timu: ena azithamangitsa, Jumbo izikhala. Koma pa gawo la 13, la Tourmalet, Remco Evenepoel wa timu ina anataya mphindi 27, ndipo Jumbo inatenga malo atatu oyamba a gawolo. Kuchokera pamenepo panalibenso woti amuzingire. Mfuti zitatu, nyama palibe.

Mabwana a timu anasankha kuti msewu ndiwo uweruze. Mawu amenewa amamveka achilungamo, koma pamsewu ali ndi vuto: amene wavala jezi sangathamangitse mnzake wa timu imodzi popanda kukokera adani, pomwe mnzakeyo ali ndi ufulu wothawa. Pa gawo la 16 Vingegaard anathawa n'kupambana ku Bejes, mpata n'kutsika kufika masekondi 29. Mawa lake, pa 13 Sepitembala, tsiku lobadwa la Kuss, anatsala atatu okha pa Angliru, phiri limene malo ena limapitirira 20 peresenti. Apa musanene za mphepo ayi, pa liwiro limenelo aliyense amadzinyamula yekha. Kutatsala makilomita pafupifupi awiri Kuss anayamba kutsalira, Roglič sanacheuke, Vingegaard anamutsatira. Amene Kuss anafika naye anali Mikel Landa wa timu ina, masekondi 19 kumbuyo. Jezi inatsala ndi masekondi 8.

Makhalidwe awo anaonekera poyera pamenepo. Roglič, amene anayamba ngati wodumpha pa ski, ndi munthu woti akaona mzere womaliza amaufuna, ndipo anali atakonzekera Vuelta imeneyi miyezi yambiri. Vingegaard ndi wofatsa, wa masamu, koma sakanalola Roglič apite yekha, chifukwa nawonso awiriwo ankapimana. Kuss ndi woseka ndi aliyense, wozolowera kutumikira, ndipo mwina kufatsa kwakeko n'kumene kunachedwetsa mabwana kugamula. Akanakhala wina wolusa akanamenya tebulo usiku wa Tourmalet womwewo.

Gawo la 18 lisanayambe, lamulo linaperekedwa, ndipo awiriwo anamukokera Kuss. Ku Madrid, Kuss anapambana, Vingegaard wachiwiri ndi masekondi 17, Roglič wachitatu ndi mphindi imodzi ndi masekondi 8.

Kapalasa:
Pamenepo ndingotsutsako pang'ono, a Tcheni. Ine sindimuda Roglič. Wokwera amachita zimene anagwirizana m'basi m'mawa, ndipo ngati m'basi ananena kuti aliyense ali womasuka, cholakwa n'cha amene ali m'galimoto ndi wailesi. Yerekezani ndi timu ya Sky mu Tour ya 2012 pa La Toussuire: Froome anawonjezera liwiro, mnzake Wiggins wa jezi yachikasu ya wotsogola n'kutsalira, mawu anabwera m'khutu nthawi yomweyo, Froome n'kudikira. Sizinakome, ubale wawo unaipa, koma lamulo linalipo asanafike paphiri. Pamene linasowa, monga mu timu ya La Vie Claire pa Tour ya 1986, Hinault anamuthawa mnzake LeMond mobwerezabwereza ngakhale anali atalonjeza chaka chapitacho kuti adzamuthandiza.

Pa Angliru wailesi nayo siyodalirika. Phokoso la anthu ndi lalikulu, msewu ndi wopapatiza, galimoto imakhala kutali, ndipo munthu amene mtima ukugunda ka 180 pa mphindi samva chiganizo chachitali. Zoti ndani adikire ndani zimayenera kuthera m'basi.

Mai Giya:
Kuwonjezera apo, a Sipoko, muziyang'ananso kumapeto kwa nyengo. Jumbo inatenga Giro, Tour ndi Vuelta m'chaka chimodzi ndi anthu atatu osiyana, chinthu chimene timu ina inali isanachitepo. Koma patangotha milungu yochepa chichokereni ku Madrid, Roglič analengeza kuti akuchoka, ndipo 2024 anaiyamba ali ku Bora-Hansgrohe, kumene anakapambanako Vuelta yake yachinayi.