Kubira ndi silinda ku Thumbi: Loweruka ndi Lamulungu zikwana?

Nachisale: Moni nonse pa gulu. Tili pa Dedza boma, ine ndi mlongo wanga, ndipo tikufuna kukaphunzira kubira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya ku Cape Maclear, tikaone nsomba za mbuna ku chilumba cha Thumbi. Maganizo athu ndi otsika Lachisanu, kubira Loweruka ndi Lamulungu m'mawa, masana n'kubwerera poti Lolemba kuli ntchito. Zitheka? Nanga tigule chiyani?

Maseko: Achemwali, musagule kanthu. Silinda, regulator (chopumira mpweya wa m'silinda), jekete ya BCD (yothandiza kuyandama), lamba wa mtovu, magalasi ndi wetsuit (chovala chobirira) amabwereketsa komweko. Koma satifiketi ya kubira yotchedwa Open Water simungaitenge m'masiku awiri. Imafuna masiku 3 kapena 4: za m'buku, kuyeserera pa madzi osaya, kenako kubira kanayi m'nyanja. Amakuyesaninso kusambira mamita 200 osapumira ndi kuyandama mphindi 10. Mukakhoza mumaloledwa kutsika mpaka mamita 18. Ngati muli ndi Loweruka lokha, pemphani kubira kolawa chabe: mphunzitsi sakuchokani pambali ndipo simupitirira mamita 12. Mbuna zambiri zili m'miyala ya pamwamba pomwepo, simumanidwa kanthu. Zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo zili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndiye konzani ndalama yolowera, komanso musatole mwala kapena nsomba.

Bambo Ngozo: A Maseko anena zoona, koma chandidetsa nkhawa ine ndi ulendo wobwerera. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 475 kuchokera pa nyanja yamchere, Dedza ali pa mamita pafupifupi 1,600. Mukabira, nayitrojeni wa mu mpweya wa m'silinda amalowerera m'magazi ndi m'minofu, ndipo amatenga maola kuti atuluke. Mukakwera chikweza cha Khwekhwelere nayitrojeniyo asanathe, mpweya wakunja umapepuka, iye n'kuchita thovu m'thupi ngati botolo la Fanta lotsegulidwa mwaphuma. Kwa thupi lanu, kukwera phiri limenelo n'chimodzimodzi kukwera ndege.

Malangizo a DAN, bungwe loona za chitetezo cha obira, pa zokwera ndege ndi awa: mwabira kamodzi, dikirani maola osachepera 12; mwabira kangapo kapena masiku otsatizana, maola osachepera 18. Tiwerenge. Mukatuluka m'madzi 10 koloko Lamulungu m'mawa, maola 18 akukwana 4 koloko mbandakucha wa Lolemba. Koma mukamaliza 3 koloko Loweruka masana, Lamulungu 9 koloko m'mawa msewu ndi wanu. Ndiye kubira kuthere Loweruka. Lamulungu sambirani pamwamba ndi snorkel (kapaipi kopumira) basi.

Nachisale: Ii, izi sitinaziganizeko n'komwe bambo. Nanga titanyamukabe Lamulungu masana n'kukagona pa Golomoti?

Bambo Ngozo: Pamenepo palibe vuto. Monkey Bay, Golomoti, Mtakataka, konseko n'kuchigwa. Chikweza chimayambira pa Golomoti kupita ku Masasa. Ndipo wina akayamba kumva kuphwanya m'mapewa kapena m'zigongono, dzanzi m'manja, chizungulire kapena kufooka kosadziwika bwino, musathamangire kunena kuti ndi malungo. Asakwerenso phiri, agone pansi, apatsidwe okosijeni, apite kuchipatala, ndipo mukawauze adokotala poyambirira kuti munthuyu anabira, mamita angati, nthawi yanji. Musanalipire sukulu iliyonse, funsani ngati m'boti mwawo mumakhala silinda ya okosijeni.

Namaseko: Ndionjezepo za makutu, poti ambiri amalepherera pamenepo. Pa mamita 10 mphamvu yokupanikizani imakhala itawirikiza kawiri, ndipo makutu amaimva kwambiri m'mamita oyambirira. Tsinani mphuno, uzirani pang'onopang'ono mpaka mumve kuti tho, mita iliyonse, ululu usanayambe. Likakana, kwerani pang'ono muyesenso. Kukakamiza kumaboola nembanemba ya m'khutu. Chimfine cha ku Dedza chija mukatsika nacho, musabire, timipata ta m'makutu timakhala titatsekeka. Wa mphumu, khunyu kapena matenda a mtima ayambe waonana ndi dokotala, ndipo woyembekezera sabira.

Pokwera kuchokera pansi pa madzi musagwire mpweya, ngakhale pang'ono, chifukwa umafufuma m'mapapo n'kuwang'amba. Pumani monga mwa masiku onse, kwerani pang'onopang'ono, imani mphindi 3 pa mamita 5. Silinda yodzaza imaonetsa 200 bar (bar ndi muyeso wa mpweya wa m'silinda). Muzifika pa boti muli ndi 50.

Phiri wa ku Ntcheu: Magalasi akamachita nthunzi, lavuliranimo, pakani ndi chala, tsukuluzani kamodzi. Zimamveka zauve koma zimagwira. Nyengo: pewani June ndi July, mwera umavundula nyanja ndipo maboti amavutika. September mpaka November madzi amayera n'kufunda, wetsuit ya mamilimita 3 imakwana.

Namaseko: Ndi likodzo musaiwale. Limakonda m'mphepete mwa mudzi wa Chembe momwe muli nkhono, osati kwenikweni kuzilumba, koma pokwera boti mumapondamo. Kumwa praziquantel tsiku lomwelo n'kutaya mankhwala, sagwira tizilombo tikadali tating'ono. Pakatha milungu 8 kayezetseni mkodzo.

Nachisale: Zikomo nonse. Tibira kolawa Loweruka, tikwera Lamulungu masana. Za satifiketi tidikira tchuthi cha October.

Maseko: Mukamakambirana ndi sukuluyo, auzeni kuti mukubwerera ku Dedza, akuikireni kubira komaliza molawirira.