eduroam ikukana foni yanga, ndikulakwitsa pati?

Nachisale_Y1

Anzanga ndithandizeni, ndatopa nazo. Ndili chaka choyamba ndipo lero ndi tsiku lachinayi ndikulimbana ndi WiFi ya pasukulu yotchedwa eduroam. Foni yanga ndi Tecno ya Android 12. Ndikadina eduroam imandifunsa mafunso ngati kupolisi: EAP method, Phase 2, CA certificate, Domain, Identity. Ndikalemba reg number ndi pasiwedi ya pa portal, imazungulirazungulira kenako n'kulemba kuti "Authentication problem".

Chondiwawa n'chakuti mnzanga wa m'chipinda ali ndi kaSamsung kakalekale kong'aluka galasi. Iye anangosankha "Do not validate" n'kulowa, pano akuonera mavidiyo ali chigonere. Pa foni yanga mawu amenewo palibe. Ku ofesi ya ICT ndapitako kawiri, koyamba anali ku nkhomaliro, kachiwiri mzere unafika pa masitepe. Asayimenti ikufunika Lachisanu ndipo bandulo yomwe anandigulira amayi yatsala pang'ono kutha.

Kabaza_wa_Hall

Takulandirani mayearo! Bwerekani pasiwedi ya mnzanuyo basi, nkhani yatha.

Mjomba_wa_Lab

Za Kabazazo musamvere, chemwali. Akauntiyo ndi dzina la munthu, chilichonse chochitika pa netiweki chimalembedwa pa mwini wake. Komanso vuto lanu silichoka ndi pasiwedi yobwereka.

Tiyambe ndi Identity. Reg number payokha siikwana, pamafunika dzina lonse lokhala ndi @ ndi domain ya sukulu yanu kumapeto, monga imaonekera imelo. Mbali ya pambuyo pa @ ndi imene imauza netiweki kuti ikafunse seva ya sukulu iti ngati mulidi wophunzira. Muonenso kuti kiyibodi sinaike mpata kumapeto kwa dzinalo, mafoni amakonda kutero ukasankha mawu omwe akupatsa okha. Ndaonapo anthu akutukwana rauta sabata yathunthu chifukwa cha kampata kamodzi.

Za "Do not validate" zija, kuyambira pa Android 11 mafoni ambiri anazichotsa, ndipo ine ndimati anachita bwino. Munthu wochenjera akhoza kuyatsa WiFi yake pafupi ndi kafeteriya n'kuitcha eduroam. Foni yosafunsa satifiketi (chiphaso chotsimikizira kuti sevayo ndi ya sukulu yanudi) imangolumikiza n'kutumiza zizindikiro zomwe angathe kupezera pasiwedi yanu, yomweyo ya imelo ndi zotsatira za mayeso. Ndiye mnzanuyo asanyade kwambiri.

Masukulu ambiri amagwiritsa ntchito PEAP, pa Phase 2 n'kuika MSCHAPV2, koma ena ndi TTLS, choncho za m'bokosi la Domain ndi satifiketi musalote, n'za sukulu yanu. Njira yachidule ndi iyi: dinani Forget pa eduroam kaye, mutsitse app ya geteduroam ndi ma MB atsalawo, musake dzina la sukulu. Ikapezeka pa mndandanda, app imadzaza yokha mabokosi onsewo. Ikasowa, ndiye mzere wa ku ICT uja muupirire, mulawire 8 koloko isanakwane.

WaKuJoni

Ndingoonjezera kuti zikatheka musadzazifufute. Ine ndinabwera ku Johannesburg kudzachita maphunziro a miyezi itatu, ndikutsegula laputopu mu laibulale ya kuno ndinangoona yalowa yokha ndi akaunti ya kumudzi. Ndinachita kuyang'ana kumbuyo ngati pali wandilumikizira. Za eduroamzi zinayambira ku Netherlands mu 2002, pano zili m'maiko opitirira 100. Kuno amayendetsa ndi a TENET, ku Zambia ndi ZAMREN, kwathu bungwe lolumikiza masukulu aukachenjede ndi MAREN.

Chenjezo langa ndi pa tsiku losintha pasiwedi. Ine ndinasintha pa laputopu n'kuiwala foni. Foniyo ili m'thumba inkangoyesa pasiwedi yakale mobwerezabwereza mpaka akaunti inatsekedwa, usiku woti mawa lake ndipereke lipoti.

Nachisale_Y1

Mjomba, @ ndaika, mpata unalipodi ndauchotsa, app ndatsitsa ndipo sukulu yapezeka. Koma ikukanabe. Ndilire?

Mjomba_wa_Lab

Musalire. Taonani pamwamba pa foniyo, ikuti lero ndi pa chani?

Nachisale_Y1

Mayo ine. Ikuti 1 January 2022. Inazima masiku awiri kumudzi magetsi atathima, ndinangokonza nthawi yokha osaona chaka.

Mjomba_wa_Lab

Ndi chimenecho. Satifiketi imakhala ndi tsiku loyambira ndi lothera ntchito. Foni ikamaganiza kuti tili mu 2022, imaona ngati satifiketi ya sukulu sinayambe kugwira ntchito, ndiye imaikana. Ikani deti pa automatic.

Nachisale_Y1

Yalowa! Zikomo kwambiri Mjomba, Fanta wanu ali ndi ine. Koma m'chipinda ikungogwira kamzere kamodzi, pano ndakhala pa njerwa kuseri kwa laibulale ndi anthu ena asanu ndi udzudzu. Kodi pali amene akudziwa pomwe pali soketi yogwira ntchito cha kuno? Batire ili pa 9%.